Kamthuthuthu ka a Bobini

Sauzande 380. Umenewo ndiwo mtengo woyamba umene munthu anatchula pa kamthuthuthu ka amalume anga, ndipo anautchula asanakakhudze n'komwe. Anali bambo wina wogula njinga zamoto zakufa n'kumaziphwasula, amene aliyense amangomutchula kuti Wazitsulo. Anaima chapatali, manja ali m'thumba, n'kunena kuti akungotimvera chisoni, chifukwa injini zazing'ono ngati imeneyi masiku ano palibe amazifuna. Ine ndinali nditawerengera kale kuti kanjingako kangapite pa 450 ngati wogula wadzuka bwino. Koma amalume ankafunika 540, ndipo kuchoka pa 450 kufika pa 540 si mtunda woudumpha ndi pakamwa pokha.

Ndalamayo inali ya malo ogwirirapo ntchito. Mwini sitolo ina ya zipangizo zomangira, m'mbali mwa msewu waukulu, anali ndi kona yopanda kanthu pakhonde pake, yokwana tebulo limodzi ndi mpando, yokhala ndi soketi ya magetsi ndi kachipinda kotsekeramo katundu poweruka. Ankafuna sauzande 90 pamwezi, miyezi isanu ndi umodzi yolipiriratu. Mnyamata wina wometa tsitsi ankaifunanso konayo, ndipo mwini sitolo ananena poyera kuti kugona pakati n'kuyambirira: amene abwere ndi ndalama yonse mwezi usanathe ndiye aikepo tebulo. Amalume akanaiphonya akanangokhala pakhomo, ndipo nyumba yawo ili kumapeto kwa kanjira kokumbika kumene palibe telala angafike atasenza mutu wa makina osokera.

Ine ntchito yanga ndi kugulitsa zinthu za anthu: mafoni, mafiriji, mabedi, nsimbi zamagetsi. Ndimatenga gawo limodzi pa magawo makumi awiri, kaya mwini katundu ndi mbale kaya ndi mlendo, chifukwa ukayamba kukhululukira abale umadzazindikira kuti tauni yonse ndi abale ako. Tsono kuti amalume atsale ndi 540, kanjingako kanayenera kupita pa 570 kapena kuposerapo.

Amalumewa ndi mlongo wawo wa mayi anga. Kunja kwa banja lathu ndi ochepa amene amadziwa dzina lawo lenileni. Atelala onse amawatchula kuti a Bobini, dzina la kachitsulo kokulungapo ulusi m'makina osokera. Anayamba ntchito pa fakitale ina yosoka mayunifolomu, kumene ankasesa ulusi pansi ndi kuthira mafuta m'makina. Bambo amene ankakonza makina pafakitalepo anali wokonda kutuma atakhala pampando, ndiye amalume anaphunzira ntchitoyo chifukwa chotumidwa. Fakitale itatsekedwa, anzawo anatenga ndalama zawo zopumira n'kugula malata, ena mawayilesi akuluakulu, wina anakwatira kachiwiri. Iwo anagula kamthuthuthu aka kwa namwino wina amene ankasamuka, n'kumangirira bokosi lamatabwa kumbuyo. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikukwawa.

Kanjingako ndi kaja kopanda magiya, kongopotoza dzanja n'kumapita. Utoto wake unali wobiriwira koma dzuwa linaudya, unangotsala pansi pa mpando pokha. Mpandowo unaphimbidwa ndi zigamba za nsalu zosiyanasiyana, chifukwa nthawi iliyonse ukang'ambika telala wina ankausoka ndi chimene chatsala patebulo pake. Galasi loonera kumbuyo linali limodzi. Sayilensa inali ndi mng'alu, moti kanjingako kankalira ngati munthu akutsokomolera m'chidebe, ndipo kulira kumeneku kunkamveka kanjingako kasanaoneke.

Amalume sankadikira kuitanidwa. Anali ndi njira zitatu, ndipo sabata iliyonse ankaziyenda zonse, kudutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa makonde a sitolo, m'mbali mwa msika, m'timisewu tam'kati momwe azimayi amasokera pakhomo. Telala akamva chifuwa cha kanjingako ankadziwa kuti a Bobini ali pafupi. Wopanda vuto ankangogwedeza mutu osasiya kupalasa. Wavuto ankakweza sizasi m'mwamba, amalume n'kuima. Mavuto ake ndi omwe aja a masiku onse: makina akudumpha sitichi, akudula ulusi, akuthyola singano, shatulo yakalamba, lamba wakhwepa. Ambiri ankatha ndi sukuludiraiva ndi dontho la mafuta.

Panali chinthu chimodzi chimene atelala atsopano ankadabwa nacho. Amalume akamaliza kukonza sankanena kuti makina achira, ndipo sankalandira ndalama. Ankatulutsa m'bokosi chigamba cha jini, n'kuchipinda kanayi, n'kuuza mwini makina kuti akhale pansi asoke yekha. Iwo ankaima pambali atapendeketsa mutu, kumvetsera. Telala akanena kuti wakhulupirira, ali ndi changu, kasitomala akudikira, iwo ankangoloza chigambacho. Ankati makina samva kutamandidwa, amayankhira pansalu. Msoko ukatuluka woyera mbali zonse ziwiri, pamenepo ndiye ankatambasula dzanja.

Ntchito imeneyi inalera ana anayi ndi kumanga nyumba ya zipinda zitatu, ngakhale kuti chipinda chachitatucho sichinagonemo munthu. Chinadzaza ndi mitu ya makina akufa imene amalume amachotsamo tizitsulo, ndipo akazi awo, amene ine ndimawatchula kuti azakhali, amati anakwatiwa pamitala ndi chipinda chimenecho. Azakhali amaphika pa sukulu ina ya mkaka. Ndi munthu wosachedwa kugamula nkhani.

Diso lamanja la amalume linayamba kuchita ng'ala, iwo n'kubisa. Pantchito silinkawavuta, poti m'kati mwa makina amaonamo ndi zala. Pamsewu ndi pamene linawaulula. Tsiku lina munthu anatulukira kumanja kwawo akukankha wilibala ya njerwa, amalume sanamuone, n'kuigunda. Njerwa zinasweka zochepa, bondo linatupa, wawilibala anatukwana mtundu wathu wonse. Amalume anafika kunyumba akukankha kanjingako n'kunena kuti petulo wathera panjira, koma buluku linali long'ambika ndipo nkhani inali itafika kale kudzera kwa mkazi wa telala wina. Azakhali sanakangane nawo. Anazula kiyi, n'kumuphatikiza ndi makiyi a kabati pachingwe chimene amavala m'khosi, n'kundiimbira foni kuti ndibwere ndidzagulitse.

Ndinayamba mmene ndimayambira ndi katundu aliyense. Ndinakatsuka ndi sopo, ndinapukuta matayala ndi polishi, ndinakajambula m'mawa katatsamira khoma loyera. Makaniko wa pakona pathu anati atapatsidwa sauzande 25 angasinthe sayilensa, ndipo ndi 30 ina angakapopere utoto kaoneke katsikana. Ndinawerengera kuti 55 imeneyo ingakweze mtengo ndi 70 kapena 80, ndiye ndinapita nayo nkhaniyo kwa amalume. Anakana zonse. Anati munthu wakalamba ukamudaya tsitsi mawondo amakhala omwe aja, ndipo sayilensa asaikhudze munthu. Ndinaika zithunzi pa magulu a malonda a pafoni n'kulemba 600, kuti wonenerera akatsitsa tikakumane pa 570.

Mafoni anayamba kulira tsiku lomwelo. Ambiri ankafunsa mtengo womaliza asanafunse ngati kanjingako kamayenda. Anyamata onyamula anthu panjinga akamva kuti n'kopanda magiya ankadula foni. Koma analipo ena ofuna kudzaona, ndipo apa ndi pamene amalume anatulutsa lamulo lawo.

"Mphwanga, wogula ayendetse tsiku lathunthu, ine ndili kumbuyo, m'njira zimene ndimayenda ine. Mtengo tikambe madzulo."

Ndinawauza kuti malonda a njinga sayenda choncho. Munthu amaliza injini, amapita mpaka pampopi n'kubwerera, basi, kenako mumakambirana.

"Pano mpaka pampopi ngakhale wilibala imaoneka yabwino," anatero.

Woyamba kuvomera anali mnyamata wina wopereka buledi m'magolosale, amene anatopa ndi kupalasa. Azakhali anamupatsa kiyi atamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amalume anaika katsamiro pamwamba pa bokosi, n'kukwera, n'kunyamuka. Atafika pakhonde loyamba anamuuza kuti aime, amve mmene injini imadzukira ikazizira, ndipo podikira kuti izizire anakonza makina amodzi. Pakhonde lachiwiri anati ayese mabuleki. Pachitatu anati amve ngati mafuta sakudontha. Pofika pachisanu mnyamatayo anali atazindikira. Anaimika kanjingako, kiyi ali pomwepo, n'kundiimbira foni akuyenda wapansi, kufunsa ngati ndinamuitanira malonda kapena ganyu yopanda malipiro. Ndinapita kukawatenga. Ndinawapeza amalume atakhala pabenchi ndi atelala awiri, akuseka, m'thumba muli sauzande 14. Chichitikire ngozi ija ndinali ndisanawaone akuseka choncho.

Wachiwiri anali kalaliki wa ofesi ina amene ankafuna chokwera popita kuntchito. Anakakonda kanjingako, anafika pa 460, koma atamva za tsiku lathunthu anayang'ana wotchi yake n'kutsanzika mwaulemu. Nditawafunsa amalume ngati akufuna wogula kapena dalaivala, anayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kuti mnyamata wa buledi uja ankagwira mabuleki ngati akupha nkhuku. Sindinathe kusiyanitsa ngati lamulolo linali loteteza wogula kapena lofikira kwa atelala awo. Ndikuganiza kuti iwonso sankasiyanitsa. Munthu amene moyo wake wonse sanalandirepo ndalama chinthu chisanayesedwe sakanayamba ndi kanjinga kake komwe.

Mwezi unali ukupita. Azakhali anayamba kunena kuti ndimuitanenso Wazitsulo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawakumbutsa kuti 380 sikwana kona. Anati akudziwa, koma 380 imachotsa kanjingako pakhomo, ndipo kakachoka iwo ayamba kugona tulo, chifukwa tsiku lina anapeza amalume akuyesa makiyi a maloko akale pa kanjingako. Sabata yomweyo ndinadutsa pasitolo paja n'kuona wometa uja akuyeza khoma la pakona ndi chingwe, mwini sitolo akumuonerera.

Nzeru inabwera ndili mumsika, ndikufuna chaja ya foni ya kasitomala. Pafupi ndi benchi ya machaja pali benchi ya mayi wina wogulitsa ulusi, mazipi, mabatani, lasitiki ndi lainingi, amene atelala amangowati Mayi a Mazipi. Panali atelala atatu akudikira, tepi ili m'khosi. Mmodzi ankadandaula kuti watseka makina, wakwera basi, wasiya kasitomala atakhala pabenchi, zonsezi chifukwa cha mazipi atatu akuda. Ndinamuzindikira, anali mmodzi wa aja ndinawapeza akuseka ndi amalume. Pamenepo ndinaona kuti ndakhala ndikufunafuna munthu wopirira tsiku la amalume, pamene ndinayenera kufuna munthu amene tsikulo lingamupindulire.

Mayi a Mazipi ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, amene amabweza chenji asanamalize kumva funso. Ali ndi mwana wamkazi wamkulu amene amawathandiza pabenchi. Nditawauza za kanjingako anati alibe nako ntchito, miyendo yawo ili bwinobwino. Ndinati sindikuwapempha kuti agule. Angotenga chikwama cha katundu wawo, ayendetse bambo wina wachikulire tsiku limodzi, akabwerako anditukwane ngati ndawatayitsa nthawi. Anafunsa kuti bambo wake ndani. Nditatchula a Bobini anasiya kupinda lainingi, n'kunena kuti dzinalo amalimva tsiku ndi tsiku koma mwiniwake sanamuonepo. Njinga yamoto anati anayendetsapo ya mchimwene wawo, yamagiya, ndiye kopanda magiya sikangawaopseze.

"Petulo wa ndani?" anafunsa.

Ndinati wanga. Ndinathira wa sauzande 5, ndipo ndinaiwerengera ngati ndalama yolowa m'malonda, yoti mwina ibwerera, mwina ayi.

Mayiwo anafika m'mawa atavala buluku ndi nsapato zotseka, atanyamula chikwama chachikulu chamizeremizere. Azakhali anavula chingwe m'khosi, n'kumasula kiyi pang'onopang'ono.

"Mundibwezere athunthu, amayi," anatero. "Akayamba kukuphunzitsani kuyendetsa, muwatsitse, abwera wapansi."

Mayi a Mazipi anaika chikwama pakati pa miyendo, analiza injini kamodzi kokha, amalume n'kukwera pabokosi atagwira chipewa. Ine ndinatsatira panjinga yakapalasa. Sizinali zovuta, poti kanjingako kakanyamula anthu awiri, bokosi la zipangizo ndi chikwama cha ulusi, liwiro lake ndi la munthu wopita kukapepesa mlandu.

Tisanafike pakhonde loyamba sizasi zinali kale m'mwamba, ziwiri. Atelala anatuluka kudzaona, ndipo atazindikira kuti kutsogolo kuli mayi, kuseka kunayamba.

"A Bobini, mwalemba dalaivala? Ife tikuthyola singano kuno, inu mukukwezedwa pantchito."

"Mayi akunyumba akudziwa zimenezi?" anafunsa wina.

"Ndi amene apereka kiyi," anayankha amalume, akutsika mosamala chifukwa cha bondo.

Pakhonde limenelo panali mayi wina amene analandira ntchito ya mayunifolomu a sukulu, koma makina ake anali atafa. Ankabwereka a mnzake masana mnzakeyo akapita kukadya. Amalume anatsegula pansi, analowetsa zala, anachotsa kachidutswa ka singano kamene kanakanirira mu shatulo, anasintha kasipuling'i kamodzi. Kenako anatulutsa chigamba cha jini n'kuchipinda kanayi. Ulusi wa mayiyo unaduka kawiri, amalume n'kunena kuti vuto tsopano si makina, ulusiwu ndi wofumbwa. Mayi a Mazipi, amene nthawi yonseyi anangoima pambali, anatsegula chikwama n'kupereka wina. Msoko unatuluka woyera. Mayi wa mayunifolomu analipira amalume, kenako anagula ulusi wa buluu umene unali m'chikwamamo wonse, ndi mabatani oyera.

Kuyambira pamenepo zinkangochitika zokha. Amalume akagwada pansi pa makina, atelala ena a pakhondepo ankazungulira chikwama. Wina ankafuna zipi ya buluku, wina lasitiki, wina singano za namba 16. Pofika masana ulusi wakuda unali utatha, ndipo Mayi a Mazipi anayamba kufunsa telala aliyense chimene amasowa kawirikawiri ndi tsiku limene amapita kumsika. Amalume anayesa kamodzi kuwauza kuti pokhota asamagwire buleki yakutsogolo. Mayiwo anaimika kanjingako pakati pa njira n'kuwafunsa ngati akufuna kutsika. Amalume sanayankhulenso za mabuleki.

Pa chitunda cha kuseri kwa sukulu kanjingako kanatsokomola n'kukana. Amalume anatsika osauzidwa, n'kukwera wapansi, akufotokoza kuti chitunda chimenechi kamakwera ndi munthu mmodzi, ndipo ngakhale ali okha amakathandiza ndi mapazi. Mayi a Mazipi anawadikira pamwamba. Kutsidya kwake kunali atelala ena, a m'nyumba, amene alibe chikwangwani chilichonse. Munthu wachilendo angadutse osadziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli makina, koma zitseko zinkatseguka zokha kanjingako kakamveka. Ndinawerenga atelala 31 tsiku limenelo. Makina amene amalume anakonza anali asanu ndi awiri.

Mtengo tinakamba madzulo pakhonde la amalume, azakhali atabweretsa tiyi. Ine ndinayamba ndi 600. Mayi a Mazipi anati anafunsa kale kwa mchimwene wawo, ndipo kanjinga ka msinkhu umenewu ndi 450, mwina 460 chifukwa injini ili bwino. Sindinatsutse, poti zinali zoona. Ndinangowafunsa kuti agulitsa zingati lero. Anati 64. Phindu la katundu wotere ndimalidziwa, ndi gawo limodzi mwa anayi, ndiye 16. Kuchotsapo petulo, 11. Njira zilipo zitatu pasabata, ndiye 33, ndipo benchi yawo kumsika sinatsekedwe, mwana wawo anali pomwepo. Ndalama yopitirira pa 450 ikanabwerera mwezi umodzi.

Mayiwo anati tsiku loyamba limanamiza, atelala onse anali ndi njala ya katundu. Ndinati chabwino, tidule pakati, ikhale miyezi iwiri. Anamwa tiyi, n'kunena 520. Ine ndinatsika kufika pa 590.

Apa amalume anatsokomola n'kuyamba kufotokoza kuti tayala lakumbuyo latsala pang'ono kutha, kampopi ka petulo kamadontha ukaiwala kutseka, nyali imazima ukagunda bampu, ndipo m'mawa kukazizira kanjingako kamafuna kukapempha. Azakhali anawauza kuti akaone ngati ketulo yawira. Anayankha kuti ketulo ili patebulo pomwepa, n'kupitiriza ndi za tcheni.

"Tayalalo ndaliona, petuloyo ndamumva fungo," anatero Mayi a Mazipi. "Chimene sindinaone ndi njira ziwiri zinazo. Kanjinga kokha sikandithandiza ngati sindikudziwa chitseko choima. Muziyenda nane, bambo, mpaka atelala anu andizolowere."

Amalume anayang'ana azakhali. Azakhali anati bola akhale kumbuyo, kutsogolo ayi. Ine ndinati zimenezo ndi zimene zili mu 590, chifukwa kanjinga kopanda a Bobini ndi kaja ka 450, ndipo angakapeze paliponse. Mayiwo anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti ndine mwana woipa. Anachotsa 15 ya tayala. Ndinayang'ana amalume kuti asatchulenso china, ndipo tinagwirana chanza pa 575, bokosi ndi zipewa ziwiri zili momwemo. Anagwirizananso kuti makina akavuta kwambiri, mayiwo azinyamula mutu wake m'bokosi kupita nawo kwa amalume, telala azilipira kangachepe ka mayendedwe.

Ndalama anatumiza pafoni m'mawa mwake, tonse tikuona. Gawo langa linali 28,750. Amalume anatsala ndi 546,250, ndipo tinapita molunjika kusitolo kuja. Mwini sitolo analandira 540, analemba risiti, n'kutipatsa kiyi wa kachipinda. Yotsalayo amalume anagulira loko watsopano ndi babu. Wometa uja anali atagula kale galasi lalikulu. Ndinamuona madzulo ake atalisenza, akupita nalo kukhonde lina chakumunsi, kumene anthu odutsa ndi ochepa.

Panopa amalume amakhala pakona paja. Anabweretsa tebulo lakale la kukhitchini, ndipo theka la chipinda chachitatu chija linasamukira m'kachipinda ka kusitolo, zimene azakhali amati ndi phindu lalikulu kuposa zonse. Njira zitatu zija anamaliza kuwaonetsa Mayi a Mazipi, ngakhale kuti yachitatu anaikokera ndithu, ankati ili ndi zitseko zambiri zobisika. Ntchito yasintha. Telala amene kale ankakweza sizasi pa vuto laling'ono tsopano amayamba wadzikonzera yekha, n'kuonongeratu, ndiye makina amene amafika pakona ndi ochepa koma odwala zedi, ndipo malipiro ake ndi okulirapo. Pamwezi ndalama ikufanana ndi yakale ukachotsa lendi, poti petulo sakugulanso. Chimene amadandaula ndi chakuti pakona nkhani zimafika zitazizira. Telala akabwera kudzatenga makina ake amamusungabe mpaka asoke chigamba chopinda kanayi, ndipo ndaona kuti masiku ano amamusoketsa kawiri.

Tsiku lija ndikutsatira panjinga, atelala anayi anandifunsa ngati ndingawapezere makina achikale otsika mtengo, ena ophunzitsira ana awo, ena osungira pangozi. Ndamva kuti sukulu ina yophunzitsa kusoka ikutseka ndipo ili ndi mitu ya makina isanu ndi itatu, akuti 60 umodzi. Ndikaphatikiza 28,750 ija ndi sauzande 152 imene ndinali nayo, ndingatenge inayi ngati atsika kufika pa 45. Amalume anena kuti azikonza pa 10 umodzi, mbale kapena mlendo chimodzimodzi, ndipo mutu wokonzedwa ndi a Bobini ungapite pa 95. Mawa m'mawa tikwera basi limodzi kukaiona, iwo akasankhe inayi yabwino, ine ndikakambe mtengo.